Mtengo wa agogo watsala wokha

Ukangonena kuti kwanu ndi ku Mwanza, anthu sachedwa: "Aa, kwa manachesi!" Sanama. Koma kwathu kumtunda, kumene m'mawa wa June umatuluka nthunzi mkamwa, agogo anga anali ndi mitengo iwiri ya maapozi kuseri kwa nkhokwe.

Maapozi ake sanali okongola ayi. Ang'onoang'ono, tsaya limodzi lofiirira, lina lobiriwira, ena ojomphedwa ndi mbalame. Ukathyola ndi kudya pomwepo, ankalira kuti khwa, madzi n'kutsikira kuchibwano, kutsekemera kwake kosakanikirana ndi kuwawasa pang'ono. Ukasunga masabata awiri, basi, afewa ngati mbatata yophika dzulo.

Ndili ku koleji ku Blantyre ndinkachita nawo manyazi. Tsiku lina popita kumudzi ndinagula maapozi anayi a ku South Africa, aja amalowa pa boda yathu yomweyi m'mathiraki, onyezimira ngati apakidwa Vaseline, kasitika pamwamba. Ndinawapereka ndi manja awiri. Agogo analuma limodzi, n'kutafuna nthawi yaitali.

"Mdzukulu wanga, zimenezi zinathyoledwa liti?"

Sindinayankhe. Pano ndikudziwa kuti maapozi amalonda amatha kukhala miyezi m'nyumba zozizira, ndipo kunyezimira kuja nthawi zambiri ndi phula. Si poizoni, musandimve molakwa. Kungoti anasankhidwa kuti apirire ulendo, pomwe a agogo ulendo wawo unali wochoka pa nthambi kufika pakamwa.

Ndipo tinene zoona, pa vitamini C apozi salimba pamaso pa nachesi: pa magalamu 100, apozi ali ndi mamiligalamu pafupifupi 5, nachesi oposa 25. Ndiye chipatso chimene timagulitsa motchipa pamsewu chikuposa chija timachilemekeza. Mphamvu ya apozi ili kwina, makamaka mu khungu, muli faiba yothandiza m'mimba. Ine ndinkasenda khungulo n'kutaya, ati chizungu. Agogo ankangotsuka n'kudya lonse, kusiya njere zokha.

Chaka chatha amalume anadula mtengo umodzi. Ankafuna malo omangapo khola la nkhumba, ndipo anasankha umene unkabereka pang'ono. Nzeru zake zinkaoneka zomveka. Mtengo wotsalawo unachita maluwa ngati kale, oyera mbee, koma zipatso zinali zowerengeka ndi zala.

Mlangizi wina atauona anati ukuoneka ngati wa mtundu wa Anna, umene unachokera ku Israel ndipo sufuna chisanu chambiri kuti uchite maluwa, n'chifukwa chake umakwanitsa kubereka m'madera ngati kwathu. Koma Anna amabereka bwino pakakhala mtundu wina pafupi, monga Dorsett Golden, kuti njuchi zizinyamula mungu kuchoka kwina kupita kwina. Mtengo "waulesi" uja ndi umene unkagwira ntchitoyo.

Agogo sanakalipe. Anangoti, "Ndinawauza kuti imeneyi ndi banja," n'kupitiriza kusankha nyemba.

Maapozi subzala njere ukafuna mtundu womwewo, umamezanitsa. Ndiye mwezi uno ndakhala ndikufunsafunsa mbande cha ku Neno, kumene mpaka 2003 kunali Mwanza yomweyi. Ndikaipeza, idzatenga zaka zingapo isanachite maluwa. Agogo ali ndi zaka zoposa 80, ndipo dzenje akumbitsa kale, kumbali kwa khola la nkhumba.