Nyumba Imafera Kudenga

Munthu wochoka ku Lilongwe kulowera kumwera ali ndi njira ziwiri. Akatsata msewu waukulu wa ku Dedza afika pa Nathenje, koma akapatukira kudzanja lamanja pa mphambano ya Bunda afika pa Mitundu. Anthu ambiri amapita kumalo amenewa kukagula ndi kukagulitsa basi. Koma iye amene sali pachangu, akaima ndi kupenya nyumba za m'dera lino, adzaona kuti zikusimba mbiri ya dziko monga limachitira buku.

Nyumba ya makolo inali yozungulira. Amuna ankazika mitengo, namanga mbariro ndi luzi, ndipo pambuyo pake chipupa chinkamatidwa ndi dothi. Akazi ankazira pansi kufikira posalala. Denga ankalimangira pabwalo, ndipo likatha ankaitana anzawo kudzalinyamula ndi kulikhazika pamwamba pa chipupa. Ndi chifukwa chake akulu anati mutu umodzi susenza denga.

Kupitirira Mitundu, cha ku mapiri a Dzalanyama, kuli Msinja, kumene Achewa ankapempha mvula kwa Chauta kudzera mwa Makewana. Kachisi wa kumeneko anali wa mitengo ndi udzu. Chiswe chinkadya mitengoyo, udzunso unkaola, koma kachisi sankatha, pakuti anthu ankabwera kudzammanganso. Ngakhale Angoni anapasula malowo m'masiku a nkhondo, dzina la Msinja likudziwikabe kufikira lero.

Njerwa zootcha zinadza ndi amishoni. Wopitirira Nathenje akafika pa Kamphata ndi kupatukira kumanzere, msewu umfikitsa ku Nkhoma. Amishoni a mpingo wa Dutch Reformed anayamba ntchito ku Mvera m'chaka cha 1889, ndipo m'chaka cha 1896 Mbusa Vlok anakhazikitsa mishoni ya Nkhoma m'dziko la Mfumu Mazengera, amene anthu ake anali kukhala m'phiri chifukwa choopa Angoni. Chipatala cha kumeneko chinayamba m'chaka cha 1915. Nyumba zakale za pamishoni zili ndi makoma okhuthala ndi makonde aakulu, kotero kuti m'kati mumazizira ngakhale m'mwezi wa Okutobala. Amene anaponda dothi, kuumba njerwa ndi kucheka matabwa anali anthu a m'midzi yozungulira, ndipo ambiri a iwo anabwerera kwawo ali amisiri.

M'zaka za m'ma 1920 ulimi wa fodya unafala m'boma la Lilongwe, ndipo ndalama zinayamba kuyenda m'midzi. Pamenepo misika inakula, ndipo kunamangidwa masitolo a malata okhala ndi khonde la nsanamira kutsogolo. Pakhondepo ndi pamene telala ankakhala ndi makina ake, ndipo mlimi akagula nsalu m'sitolo ankasoketsa pomwepo. Masitolo ambiri otere m'dziko muno anali a Amwenye, kufikira m'zaka za m'ma 1970 pamene boma linawalamula kuti achoke m'midzi apite m'mizinda. Patsinde pa phiri la Bunda, pafupi ndi Mitundu, panamangidwanso sukulu ya zaulimi, imene m'chaka cha 1967 inakhala nthambi ya Yunivesite ya Malawi, ndipo kuyambira 2012 ili m'manja mwa yunivesite ya zaulimi yotchedwa LUANAR. Nyumba zake zoyamba nazonso tsopano zakhala zaka zoposa 50.

Tsono chodabwitsa ndi ichi: kachisi wa udzu anakhala mibadwo yambiri, pamene nyumba ya njerwa ingathe kugwa mbadwo umodzi usanathe. Anthu amayesa kuti njerwa sizisowa chisamaliro, koma sikutero ayi. Mphepo ikasasula lata limodzi, mvula imalowa ndi kuoletsa mitanda. Chinyezi chimaitana chiswe. Khoma likamwa madzi limang'ambika, ndipo eni ake akachokamo, wina amazula chitseko, wina zenera, wina nagumula njerwa kukamangira khola la nkhumba. Motero nyumba imene inapirira zaka 80 imatha m'madzinja atatu. Imfa yake imayambira kudenga.

Nyumba yatsopano si yoipa, ndipo palibe angaletse wamalonda kumanga sitolo yaikulu pa Mitundu kapena pa Nathenje. Koma ikagwa nyumba yakale, pamatayika umboni. Mwana akadzafunsa kumene agogo ake anaphunzirira kuwerenga, kapena kumene anagulitsira fodya wawo woyamba, adzangolozeredwa chulu cha njerwa zosweka.

Boma lili ndi lamulo loteteza zinthu zakale, lilinso ndi dipatimenti yoziyang'anira, koma antchito ake sangafike pa nyumba iliyonse mvula isanagwe. Ntchito yoyamba ndi ya mafumu, akulu a mpingo, makomiti a sukulu ndi eni masitolo. Lata losasuka likhomedwe mwezi wa Novembala usanafike. Ngalande ikumbidwe kuti madzi asaime patsinde pa khoma. Nyumba yopanda anthu ipatsidwe ntchito, kaya ya sukulu ya kwacha, kaya yosungiramo mbewu, pakuti nyumba yotsekulidwa tsiku ndi tsiku sibisa pothonya.

Amene waphunzira kulemba posachedwa ali ndi gawo lakenso. Atenge kope ndi pensulo, apite kwa okalamba a pamudzi, awafunse amene anamanga tchalitchi chakale kapena sitolo ya pamsika, chaka chimene inamangidwa, ndi kumene anaumbira njerwa. Zimene amve azilembe bwino, ndipo kopelo lisungidwe kusukulu kapena kwa mfumu. Okalamba amenewa akupita mmodzimmodzi, ndipo akapita onse, sipadzakhalanso wofunsa.