Bwazi, Mkuwa ndi Mikanda ya Amayi Aakulu

Kwathu ku Mtakataka, mkazi wofuna kutunga mikanda ankayamba wapita kutchire, kusitolo pambuyo. Mikanda inkadikira ndalama, ndipo ndalama inkaoneka thonje likagulidwa basi. Chingwe chotungira ndiye sichinkadikira munthu. Chinkangofuna wodziwa pamene pamera bwazi ndi nyengo imene timphukira take timasendeka bwino. Pamudzi pathu katswiri wa zimenezi anali amayi aakulu, akulu awo a mayi anga. Ankadula timphukirato, n'kusenda khungwa, n'kulipala ndi kampeni mpaka patsale tiulusi toyera. Tikauma, ankakhala pamphasa atatambalala n'kumapota pantchafu, chikhatho chikupita chikubwera, apa ndi apo kalovu pang'ono kuti tiulusito tigwirane. Pomaliza ankapaka phula la njuchi. Nsonga ya chingwecho inkauma gwa, moti inkalowa yokha m'kaboo ka mkanda wochepetsetsa, singano osafunika.

Khonje ankalinyoza. Ankati limayabwa pakhosi, ndipo likamwa thukuta la dzinja limodzi basi latha. Luzi la mlambe linali lolimba ndithu koma lonenepa, loyenera mikanda ikuluikulu. Bwazi ndiye ankamudalira, ndipo mboni zawo zinali asodzi a kunyanja amene ankalukira maukonde bwazi yemweyo: chopirira madzi ndi kuphiriphitha kwa kampango chingalephere bwanji pakhosi pa munthu? Asodzi omwewo ndiwo anatiphunzitsa kusolola ulusi m'matayala akutha a galimoto. Maukonde a nayiloni atafika, tinkapempha zidutswa kwa alamu athu a ku Chipoka. Nayiloni sawola, izo n'zoona. Vuto lake lili pamfundo: imaterera n'kumasuka, pokhapokha uitenthe kunsonga ndi khala la moto. Amene sankadziwa zimenezi ankalawirira kubwalo la chimtali kukatolera mikanda yawo m'fumbi, nkhuku zitayamba kale kujompha.

Ndatalikitsa dala nkhani ya chingwe. Pa zonse zimene mkazi wa kwathu ankavala m'khosi, m'chiuno ndi m'mikono, chingwe chokha ndicho chinali cha pakhomo. Zina zonse zinachita kuyenda ulendo, ndipo munthu watcheru ankangoyang'ana mkono wa mayi n'kudziwa kumene mwamuna wake kapena mlongo wake anakagwirako ntchito.

Mikanda yagalasi tinkagula kwa amwenye a pasiteshoni. Njanji inadutsa kwathu popita ku Salima, kumene inafika mu 1935, ndipo masitolo anatsatira njanjiyo. Mikandayo inkabwera m'mipukutu, yotungidwa pa kaulusi kosalimba kongoti isabalalike. Wochepekedwa ankagula ya pa kasupuni, mwenye n'kumukulungira m'kapepala. Ife tinkangoti mikanda ya kwa mwenye, chonsecho mwenyeyo naye anali wongopatsira. Yambiri inkapangidwa ku Venice m'dziko la Italy ndi ku Jablonec, m'dziko limene panthawiyo linkatchedwa Czechoslovakia. Kumeneko ankakoka galasi losungunuka lokhala ndi mphako mkati mpaka litalike n'kuwonda, n'kulidula tizidutswa, kenaka n'kutitenthanso kuti m'mbali musakhale mwakuthwa. N'chifukwa chake mumpukutu umodzi munkapezeka ina yonenepa, ina yopyapyala, ina yotsekeka kaboo. Kusankha inali ntchito ya ife ana. Amayi aakulu ankakhuthulira mikanda m'lichero, ife n'kumapatula ndi kamtengo, ndipo wopezeka akulowetsa mkanda m'mphuno ankalawa mkwapulo pomwepo.

Agogo anali ndi yawoyawo, imene sankalola kuti isakanikirane ndi ya kusitolo: yofiira kunja, yoyera mkati, yolemera m'manja. Ankati inali ya amayi awo, a m'nthawi ya mtengatenga, pamene kampani ya Mandala, imene inayamba mu 1878, ndi azungu ena ankalipira anthu nsalu, mikanda ndi waya wa mkuwa, ndalama zisanazolowereke. Komatu mikanda inali itafika kale kuno zaka mazana angapo a Mandala asanabwere. Ku Mankhamba, pafupi ndi mtsinje wa Nadzipulu, kumene kunali likulu la Kalonga, Dr. Yusuf Juwayeyi atakumba anapeza mikanda yagalasi yambirimbiri, ina yochokera ku India, pamodzi ndi zopangidwa ndi minyanga ya njovu, zinthu za mkuwa ndi mapale a mbale za ku China. Buku lake lofotokoza zimenezi linatuluka mu 2020. Ife tinkatola nkhuni chakufupi komweko tili atsikana, tikudandaula kuti kwathu n'kutali ndi zonse.

Za mitundu ya mikanda ya m'chiuno sindinena zambiri. Zimenezo n'za anamkungwi, ndipo zolembedwa zimawerengedwa ndi ana omwe. Ndingoti wofiira, woyera ndi wakuda uliwonse unali ndi uthenga wake m'nyumba ya anthu okwatirana, ndipo mkamwini wolangizidwa bwino sankafunsa kawiri. Mikanda imeneyo sinkaona dzuwa. Masiku ano ndikakumana ndi mtsikana ataivala pamwamba pa buluku ndimangoyang'ana kumbali.

Ng'anjo zosungunulira miyala ya chitsulo ine sindinazione zikuyaka. Tinkangofukula zotsalira zake polima, timiyala takuda tobowokabowoka. Wosula wa m'nthawi yathu ankasula zakutha: makasu, zitsulo zotayidwa kunjanji, masipuling'i a galimoto. Pachipala mkazi sankakhalitsapo, choncho tinkatuma alongo athu kuti akatitengere timabelu tomanga kumwendo kwa mwana woyamba kumene kuyenda, kuti mayi ake azimumva kumene walowera. Kupatula pamenepo, chitsulo sichinkakondedwa pathupi chifukwa cha dzimbiri.

Chokondedwa chinali mkuwa. Unalipo wa mitundu iwiri: wofiira, umene ndiwo mkuwa weniweni, ndi wachikasu, wosakaniza ndi zinki. Wofiira ndi wofewa, umapindika ndi manja, koma ukaumenyamenya umauma n'kuyamba kuthetheka, ndiye uyenera kuwotchedwa mpaka upsereze kuti ufewenso. Wachikasu ndi wouma chibadwire ndipo umachedwa kuda. Amalume anga atagwira ntchito ku Mufulira ndi ku Kitwe anabwera ndi mpukutu wa waya wofiira pansi pa mabulangete m'sutikesi. Mmene anaupezera palibe anafunsa. Wayawo unali wonenepa, ndiye ankaukoka m'tiziboo ta kachitsulo kathyathyathya, kuyambira boo lalikulu kupita laling'ono, akuupaka mafuta a nsatsi, mbali ina atamangirira kumtengo, iwo akukoka chafutambuyo. Ukayamba kuuma ankaubwezera pamoto. Ukawonda mokwanira ankaukulunga mothinana pa ubweya wa kumchira kwa ng'ombe wopindidwa mozungulira, osasiya mpata ngakhale woti n'kulowetsapo chikhadabo. Nsambo ndiyo imeneyo. Imodzi payokha siioneka kanthu. Zinkavalidwa zambiri pamodzi, ndipo mwini wake akamasinja, wodutsa panjira ankadziwa amene ali pamtondo asanamuone. Ku Ingombe Ilede, kufupi ndi mtsinje wa Zambezi m'dziko la Zambia, m'manda akale amene anapezeka mu 1960 munali zipangizo zokokera waya, pamodzi ndi mitanda ya mkuwa ndi mikanda ya golide. Amalume sanamvepo za malo amenewo. Iwo anaonera kwa amalume awo.

Mkuwa ukachita bii tinkautsuka ndi bwemba woviika ndi phulusa, kapena ndimu ndi mchere, makamaka Loweruka masana kukakhala gule madzulo. Umasiya chobiriwira pakhungu, kwenikweni mu Okutobala thukuta lili kamukamu, koma palibe ankadandaula chifukwa akuluakulu ankati umachiza nyamakazi. Amayi aakulu anauvala moyo wawo wonse, mawondo n'kumawawabe. Ukawafunsa ankati, "Mwanawe, ndikanavula bwenzi ndikukwawa."

Kobiri la chiboo pakati, la nthawi ya Chitaganya, lija la njovu ziwiri, linkagwira ntchito ziwiri. Linkagula mchere, komanso linkatungidwa pakati pa mikanda kuti mkandawo ugwe bwino pachifuwa. Kwacha ndi tambala zitabwera mu 1971, makobiri amenewa anatha ntchito kusitolo, koma anakhalitsa m'mikuzi ya ana. Amene analibe mkuwa ankavala zibangili zoyera zosungunula kuchokera ku mapoto obooka a aluminiyamu. Zinali zopepuka, zosalira, ndipo zinkadetsa dzanja. Eni nsambo ankazitcha za osauka, eni ake ali pomwepo. Anzathu achiyao a kunyanja ankavala chipini pamphuno, china cha mtengo, china cha mnyanga, china cha mtovu, pamene sitinkadziwa kuti mtovu umawononga thupi. Nanga golide? Amuna a kwathu anamukumba ku Joni zaka zambirimbiri, mpaka Kamuzu analetsa kulemba anthu opita kumigodi mu 1974 ndege yonyamula anthu athu itagwa ku Francistown, koma pamudzi pathu palibe anabweretsako ngakhale kamphete ka golide. Ankabwera ndi wailesi, njinga, jekete ndi chifuwa.

Mphande inali nkhani ina. Ndi kachidutswa koyera kozungulira, kodulidwa kutsinde kwa chigoba cha nkhono ya m'nyanja yamchere, kokhala ndi mzere wozungulira kulowera pakati. Pamudzi pathu inalipo imodzi, kunyumba kwa mfumu, ndipo inkatuluka pa zochitika zikuluzikulu zokha. Ana sitinkaloledwa kuigwira. David Livingstone analemba kuti mu 1854 mfumu Shinte ya Alunda, kumtunda kwa Zambezi, inamuveka mphande, ndipo anthu amene ankayenda naye anamuuza kuti ziwiri zinkagula kapolo, zisanu n'kugula mnyanga wa njovu. Ndikakumbukira mtengo umenewo, kukongola kwa mphande kumandichokera. Amalonda a ku Ulaya ataona mmene anthu ankaifunira anayamba kuumba zachinyengo ndi dothi la mbale, zambirimbiri, mpaka mtengo unagwa. Agogo ankati yabodza imadziwika ndi kuyera kwake kopitirira ndi mzere wake wosakhota pena paliponse. Yeniyeni imakhala ndi kachikasu ndi timabala ta ukalamba.

Ife ana, opanda tiki ngakhale imodzi, tinkatunga zimene tchire latipatsa: nthanga, timapesi todula, ndi timbewu tija tofiira tokhala ndi kadontho kakuda kumutu. Timeneti n'touma kwambiri, tinkachita kutiboola ndi kawaya kotentha, ndipo amayi aakulu ankatilondera ndi maso kuti wina asatafune, poti ndi poizoni woopsa. Makanda ankavala mphinjiri, timitengo ta mankhwala todula mofanana, totungidwa pamkuzi m'chiuno kapena m'khosi. Akulu a mpingo ankadana nazo, ndipo mwana wopita ku ubatizo ankavulidwa kaye. Amayi ambiri ankangomuvula pakhomo pa tchalitchi n'kumangirira mkuziwo pansonga ya chitenje, pobwerera n'kumuvekanso asanafike n'kumudzi komwe. Mkuziwo unali ndi ntchito inanso imene akulu a mpingo sankaiona: ukayamba kuthina, mayi ankadziwa kuti mwana akukula, ukakhwepa, ankadziwa kuti pali chimene chikumudya, sikelo isanabwere n'komwe kumidzi.

Zinthu zinatembenuka m'zaka za m'ma 1970, boma litalamula kuti amwenye achoke m'midzi azikachita malonda m'mizinda ikuluikulu. Masitolo a pasiteshoni ena anatsekedwa, ena anatengedwa ndi anthu athu amene ankaoda sopo, mchere ndi palafini, osati mikanda. Wofuna mikanda yagalasi ankachita kutumiza kwa wopita ku Limbe kapena ku Lilongwe. Ndi m'nyengo yomweyo pamene zibangili zapulasitiki zinadzaza m'misika, zotsika mtengo, zamitundu yowala, zothyoka ukangogunda pamtondo. Anyamata anatulukira kuluka zibangili ndi timawaya tamitundumitundu ta m'zingwe za telefoni, ndipo zina zinali zokongola ndithu.

Lero mikanda yachulukanso kuposa kale. Pitani ku Umhlangano ku Nkolimbo m'boma la Ntcheu, kapena ku Kulamba ku Mkaika m'boma la Katete, mukaone mmene amayi amadzikongoletsera. Kalukidwe kake sindingakanyoze. Atsikana a masiku ano amaluka mizere ndi timakona timene amayi aakulu sakanakwanitsa, ndipo ena akulipirira ana sukulu ndi ntchito imeneyi. Chimene ndimatsutsana nacho ndi zipangizo. Yambiri ndi pulasitiki yopakidwa utoto, yotungidwa pa lasitiki amene amatha mphamvu chaka chisanathe, ndipo tizitsulo tokolera n'tongopaka madzi a golide pamwamba. Pakapita masabata angapo tachita dzimbiri, khutu la mwana latupa chifukwa cha nikelo wa mkati. Mdzukulu wanga akamakagula ndimamuuza kuti agogode mkandawo padzino: wagalasi umazizira ndipo umalira, wapulasitiki umangoti phwii. Ogulitsa sakondwa nazo, koma ndalama ndi zake.

Nsambo za amayi aakulu zinakhala m'chitini zaka zambiri iwo atamwalira, popeza panalibe wofuna kuvala zolemera chotero. Chaka cha njala ya 2002 kunabwera anyamata ogula zitsulo zakutha, sikelo ili pakeliyala ya njinga. Abale anga anatulutsa chitinicho. Anyamatawo anayesa kaye ndi maginito kuti aone ngati sichinali chitsulo wamba, n'kuchotsera pang'ono pamtengo chifukwa cha ubweya wa mkati, n'kulipira pa kilo, mtengo umodzi ndi waya wa m'mainjini akutha. Ndalamayo inagula gaga.