Tiyeni ku Sadzi Tikaone Nyenyezi

Amayi anzanga, ambiri a inu mwafikako ku Zomba. Ena munabwera kudzazonda odwala ku chipatala chachikulu, ena kudzagula mpunga ndi nsomba za ku Chilwa pa msika, ndipo ena munabwera ndi nthungululu tsiku limene mwana wanu analandira digiri ku yunivesite. Koma pafupifupi nonse munafika dzuwa liri pamutu nkubwerera lisanalowe. Lero ndifuna ndikutengeni ku Zomba wa usiku, amene alendo samuona kawirikawiri, ndipo ulendo wathu uyambira kwathu kuno ku Sadzi.

Sadzi ndi dera la m'mbali mwa mzinda wa Zomba, mzinda umene unali likulu la dziko lino kufikira chaka cha 1975. Nyumba zathu zinatsamira kaphiri kotchedwa ndi dzina lomweli. Mukaima pabwalo nkuyang'ana chakumpoto, phiri la Zomba laima ngati chipupa, ndipo nsonga yake, Malumbe, ipitirira mamita 2,000 kuchokera pa nyanja ya mchere. Usiku phirili limabisa nyenyezi za m'munsi za mbali imeneyo, koma musadandaule, pakuti kummwera kuli poyera, ndipo nyenyezi zokongola koposa za thambo lathu ziri kumeneko.

Nyengo yabwino ya ulendowu ndi Meyi, Juni ndi Julayi, pamene mvula yatsuka fumbi ndipo utsi wa moto wa m'tchire usanaphimbe thambo. Sankhani usiku umene chiperoni sichinagwe, mwezi uli mumdima, chifukwa mwezi ukawala nyenyezi zing'onozing'ono zimathawa. Mukatsuka mbale, yalani mphasa kuseri kwa nyumba kumene kuwala kwa babu sikufika, fundani zitenje ziwiri, nimukhale pansi ndi ana. Poyamba mudzaona nyenyezi zowerengeka. Musafulumire kulowa m'nyumba, pajatu kuona maso a nkhono nkudekha. Diso la munthu limafuna mphindi 20 kapena 30 kuti lizolowere mdima, ndipo mukayatsa tochi kapena kusuzumira pa foni, ntchito yonse muyambanso poyamba. Magetsi akazima m'dera lonse, enafe timanyamula mphasa msanga, pakuti usiku umenewo ndi wamtengo wapatali.

Choyamba kuoneka bwino ndi Mlalang'amba, mzere wotuwa wodutsa thambo lonse ngati ufa wotayika panjira ya ku chigayo. Ana ambiri amauyesa mtambo kapena utsi. Ndi nyenyezi zosawerengeka, zotalikira kwambiri kotero kuti kuwala kwake kumasakanikirana, ndipo dzuwa lathu ndi imodzi mwa izo. M'mwezi wa Julayi, cha m'ma 9 koloko usiku, chigawo chake chonenepa chimafika pafupifupi pamutu pathu penipeni. Azungu a ku Ulaya amachiona chiri m'munsi, chophimbika ndi nkhungu ndi magetsi a mizinda yao, ndipo ena amalipira ndalama zambiri kubwera ku maiko a kummwera kudzachijambula. Ife chimatipeza tokha pakhomo. Chapafupi pomwepo mudzaona nyenyezi yofiira, Antares, ndi zinzake zopindika ngati mchira wa chinkhanira.

Tsono tembenukirani kummwera. M'mwezi wa Meyi, cha m'ma 8 kapena 9 koloko, pakati pa mutu wanu ndi malekezero a thambo pali nyenyezi zinayi zoima ngati mtanda, ndipo kumanzere kwake kuli ziwiri zowala zoulozera. Uwu ndi Mtanda wa Kummwera. Mukatalikitsa mtengo wake wautali kanayi ndi theka kulowera m'munsi, kenaka nkutsitsa maso molunjika pansi, kumeneko ndiye kummwera kwenikweni, ndipo munthu wodziwa zimenezi sasokera usiku. Mwa ziwiri zolozera zija, yowala kwambiri, Alpha Centauri, ndiyo mnansi wa dzuwa lathu. Kuwala kumathamanga makilomita 300,000 pa sekondi imodzi. Kuchokera ku dzuwa kumatipeza m'mphindi 8, koma kuchokera kwa mnansi ameneyu kumayenda zaka 4 ndi miyezi ingapo. Mwana wanu amene akuyamba kumene sukulu ya mkaka anali asanabadwe pamene kuwala kumene mukuonako kunanyamuka.

Makolo athu analibe kalendala yopachika pa chipupa, koma thambo ankalidziwa ndi maina ake. Kagulu ka nyenyezi zisanu ndi imodzi kapena zisanu ndi ziwiri kounjikana ngati mikanda m'dzanja ndi Nsangwe. Zikayamba kutuluka kummawa kutangoda, cha mu Okutobala ndi Novembala, mlimi amadziwa kuti mizere iyenera kukhala yotha ndipo mbeu ziri pafupi. Kuwala kwa Nsangwe kumayenda zaka zoposa 400, ndiye kuti kumene tikuona lero kunanyamuka mafumu a Kalonga akulamulira dziko la Amaravi. Pambuyo pa Nsangwe pamatuluka nyenyezi zitatu zondondozana, zimene akale, ndi nthabwala zao, anazitcha Akamwiniatsatana. Maina awiriwa muwapeza ngakhale m'Buku Lopatulika, pa Yobu mutu 9, pamodzi ndi dzina lina lokoma la nyenyezi za kummwera, Kumpotosimpita.

Palinso Nthanda, imene ife amayi timaidziwa kuposa abambo, pakuti ndife timadzuka nayo kukatunga madzi kapena kupita ku chigayo. Nthano yakale ya Anyanja imati mwezi ndi mwamuna wa mitala. Mkazi wa kummawa, Chekechani, samupatsa chakudya chokwanira, ndipo mwezi ukafika kwa iye umaonda mpaka kutha. Mkazi wa kumadzulo, Puikani, amamuphikira bwino, ndipo mwezi umanenepa usiku ndi usiku. Amene anapeka nthanoyi anali ndi maso, chifukwa zoonadi mwezi woonda umaoneka kummawa mbandakucha, pamene mwezi wongokhala kumene umaoneka kumadzulo. Akatswiri a zakuthambo akutiuza kuti akazi awiriwa ndi mmodzi yemweyo, pulaneti yotchedwa Venus, imene imakhala miyezi ingapo ikuoneka madzulo, nkusowa pang'ono, kenaka miyezi inanso ikuoneka m'mawa. Azibambo amene amakonda kuyerekeza mphika wa kwao ndi wa kwina aimve bwino nkhaniyi.

Kodi ana anu amawadziwa maina amenewa? Ndafunsapo atsikana a sukulu m'dera lathu, ndipo ambiri amadziwa Jupiter ndi Saturn za m'buku, koma Nsangwe sangaziloze ngakhale ziri pamutu pao. Agogo amene ankatiuza izi pa mphasa madzulo akutha mmodzimmodzi, ndipo ana akangodya nsima maso ao ali pa kanema. Dzina limene silitchulidwa limafa pamodzi ndi mwini wake womaliza. Ichi nchifukwa chake m'gulu lathu la amayi, kuonjezera pa kusoka ndi banki m'khonde, timapatula usiku umodzi pa mwezi m'nyengo yozizira kuti tikhale panja pamodzi, titaitana agogo a m'deralo kuti atiuze zimene akukumbukira.

Pali chifukwa chinanso, ndipo nchachikulu. Tonse tamvapo anthu akuloza kuunika koyenda m'mwamba usiku nkunena kuti ndi ndege ya ufiti, ndipo m'mawa mwake chala chimaloza gogo wina wosauka amene alibe womuteteza. Amayi, kuunika koyenda mwakachetechete kosaphethira, kutangoda kapena mbandakucha, kawirikawiri ndi setilaiti, makina amene anthu anaponya m'mwamba. Yowala kwambiri, International Space Station, iri pa mtunda wa makilomita pafupifupi 400, imazungulira dziko lonse m'mphindi ngati 90, ndipo m'kati mwake mumakhala anthu ogwira ntchito. Nyenyezi imene timati yagwa ndi kamwala kakang'ono ngati mchenga kapena njere ya chimanga, kamene kamapsa kakalowa mu mpweya wa dziko mothamanga. M'masiku oyamba a Meyi, mbandakucha, timiyala totere timachuluka chaka chiri chonse, chifukwa dziko limadutsa m'fumbi losiyidwa ndi nyenyezi ya mchira ya Halley, ija inaoneka mu 1986 ndipo idzabweranso mu 2061. Kadamsana nayenso si tsoka. Pa 21 Juni 2001 mwezi unadutsa pakati pa ife ndi dzuwa, ku Lusaka kunada bii masana, kuno dzuwa linangotsala kachidutswa. Pa 27 Julayi 2018 mthunzi wa dziko unaphimba mwezi nuufiiritsa kwa ola limodzi ndi mphindi 43. Zonsezi akatswiri anali atawerengeratu tsiku ndi ola. Mwana amene waphunzira izi pa mphasa ya amayi ake sadzatola mwala kukagenda nkhalamba chifukwa cha kuunika kwa m'mwamba.

Mukazolowera thambo la pakhomo, konzani ulendo wa pa phiri. Mutu umodzi susenza denga: sonkhani ndalama ya galimoto monga gulu, auzeni abambo nthawi ikadalipo, ndipo ena a iwo apite nanu pamodzi ndi mmodzi wa operekeza alendo amene amazidziwa njira za kumtundako. Nyamukani masana. Mseu umakwera mokhotakhota kudutsa m'mitengo ya paini mpaka ku Ku Chawe, kumene anyamata amagulitsa mabulosi ndi zipatso zina za m'phiri. Chapafupi pali damu la Mulunguzi limene limamwetsa mzinda wonse. Kupitirira apo mukafika pa Queen's View, malo otchedwa dzinali chifukwa cha ulendo wa amayi a Mfumukazi Elizabeth mu 1957, ndi pa Emperor's View, pamene anaima Mfumu Haile Selassie ya ku Ethiopia mu 1965. Dzuwa likamapendeka mudzaona nyanja ya Chilwa iri mbee, ndi phiri la Mulanje patali. Malowa ali m'mphepete mwa phompho, kotero bwererani kufupi ndi kumene mugone kusanade, ndipo mukayale mphasa pa malo a chidikha odziwika. Kumeneko kumazizira koopsa. Tengani majuzi, mabulangete, tiyi wa m'fulasiki ndi mbatata yophika.

Usiku wa pa phiri ndi wina. Magetsi a mzinda atsala pansi, utsi wa mbaula watsala pansi, ndipo Mlalang'amba umaoneka ndi timipata take takuda ngati nsalu yong'ambika. Ngati wina wabwereka magalasi oonera patali, aja amagwiritsa ntchito oyang'anira nyama, lozani mwezi ukakhala wa theka ndipo mudzaona maenje ndi mapiri ake, ngakhale uli pa mtunda wa makilomita 384,000. Jupiter akakhalapo, gwirani magalasiwo osagwedeza, mudzaona timadontho m'mbali mwake: ndi miyezi yake ikuluikulu inayi imene Galileo anaiona mu 1610.

Tsono za kujambula. Mafoni ambiri a masiku ano ali ndi malo olembedwa Night kapena Pro m'kamera yake, ndipo mwana wanu akuonetsani pamene ali. Chinsinsi chachikulu nchakuti foni isagwedezeke, chifukwa diso lake limakhala lotseguka nthawi yaitali kuti litole kuwala kochepako. Ojambula enieni amaika kamera pa miyendo itatu, monga mphika pa mafuwa. Ife timavundikira mtondo, nkutsamiritsa foni pa njerwa kapena pa kathumba ka nyemba, italoza kumwamba. Zimitsani fulashi. Pa Pro, ikani nthawi pa masekondi 10 kufikira 20, ndi nambala ya ISO pa 1600 kapena 3200. Musapitirire nthawi imeneyi, chifukwa dziko likuzungulira ndipo nyenyezi zidzaoneka ngati timizere. Tcherani kuti foni ijambule yokha patapita masekondi angapo, kenaka chotsani dzanja. Pukutani kagalasi kake ndi nsonga ya chitenje, pakuti mame ndi mafuta a ndiwo ndiwo adani a chithunzi. Chithunzi chimakoma mukaikamo mtengo wa papaya, denga la nyumba kapena msana wa phiri, kuti wochiona adziwe kuti ndi thambo la kwanu. Zoyamba zidzatuluka zakuda, koma usiku wachitatu mudzayamba kudabwa, chifukwa kamera imaona nyenyezi zimene diso silitha kuziona.

Chithunzi chikatuluka bwino, katsukitseni nimulembe kuseri kwake tsiku, malo ndi dzina la Chichewa la nyenyezizo, ndiponso dzina la gogo amene anakulozerani. Ngati kwanu maina ndi osiyana, monga a Chiyao, Chilomwe, Chisena kapena Chitumbuka, alembeni momwemo, chifukwa onsewo ndi chuma.

Pomaliza, tiliteteze thambo lathu. Babu la panja liikidwe chotchinga pamwamba kuti liunike pansi pamene tiyenda, osati m'mwamba. Tiwaletse ana kutentha tchire posaka mbewa, ndipo tibzale mitengo pa kaphiri ka Sadzi ndi pa timapiri ta kwanu. Inu a kumudzi kumene magetsi sanafike, thambo lanu liposa lathu la m'tauni, ndipo simusowa kukwera phiri. Mwezi uno ukalowa mumdima, itanani agogo, yalani mphasa, nimuyambe ndi dzina limodzi. Zimene mudzaone ndi kumva mutilembere pa tsamba lino.