Tsiku Lathunthu Pofuna Mphindi Zisanu za Adokotala



Pasukulu pano pali ntchito ina imene simungaipeze pa ndandanda wa maphunziro, koma timaigwira pafupifupi sabata iliyonse. Ntchitoyi ndi yoperekeza ana odwala kuchipatala. Timasinthana ife aphunzitsi oyang'anira ogonera pamodzi ndi amayi athu a matroni. Njira ya kuchipatalayi taiponda kwa zaka zingapo tsopano, ndipo taona kuti ndi bwino tikufotokozereni zimene timakumana nazo, chifukwa kuvuta koonana ndi adokotala kwabala vuto lina loopsa. Ana athu ayamba kubisa matenda.

Kumaiko ena munthu amaimba foni n'kuuzidwa tsiku ndi ola loti akaonane ndi dokotala. Kuno kwathu, pachipatala chaching'ono cha boma, ola lako ndi malo amene wapeza pamzere. N'chifukwa chake timanyamuka titangoswali Fajr, kunja kusanayere bwino. Komabe tikamafika timapeza pakhonde patadzaza kale. Amayi obereka ana amakhala atatenga mabenchi onse, agogo atatsamira khoma, ena atayala zitenje pansi pa mtengo. Mwana wathu amaika buku lake la kuchipatala pa mulu wa mabuku a anzake, ndipo kuyambira pamenepo ntchito yathu imakhala yoyang'anitsitsa kuti bukulo lisatsike pansi pa mulu.

Kenaka kudikira kumayamba. Akaitanidwa, mwana amalowa n'kufotokoza mmene akumvera, ndipo sipapita mphindi zambiri asanatuluke. Ngati thupi likutentha amamutumiza kukayezetsa magazi, ndipo uko kuli mzere wake. Kuyeza malungo pa kachida kaja kobaya chala kumatenga mphindi zosaposa 20, koma kudikira kuti ufike pa woyezayo kumatha kudya maola. Zotsatira zikatuluka amabwerera kwa adokotala, mzere wachitatu. Akamulembera mankhwala amapita pawindo, mzere wachinayi. Tsiku labwino timabwerako cha m'ma 2 koloko masana. Tsiku loipa timafika pawindopo n'kumva mawu amene aliyense wa ife amawadziwa: mankhwala amenewa atha, mukagule.

Palinso masiku amene timadikira mpaka dzuwa kufika pamutu, n'kuuzidwa kuti adokotala ali ndi mayi amene wavutika kuchira ku matenite, kapena abwera ndi munthu wovulala pa ngozi ya kabaza, kapena aitanidwa kuboma ku msonkhano. Zikatero mzere wonse umaima. Loweruka amagwira theka la tsiku, ndipo Lolemba ndiye kumakhala chinamtindi cha anthu amene adwala kumapeto a sabata. Lachisanu timakhala tikuyang'ana dzuwa, podziwa kuti Jumu'ah itipitirira tili pabenchi.

Ana akamabwerera amakhala atakwiya, ndipo mawu awo amakhala akuti anthu a kuchipatala ndi aulesi. Ife amene takhala pakhonde lija kambirimbiri sitingavomereze. Aliyense wovala chovala choyera timamutchula kuti adokotala, koma m'zipatala zing'onozing'ono zambiri amene amaona odwala ndi medical assistant kapena clinical officer, mothandizidwa ndi anamwino ochepa ndi alangizi a zaumoyo. Madokotala enieni timawapeza kuchipatala cha boma lathu kapena ku zipatala zinayi zikuluzikulu za Queen Elizabeth ku Blantyre, Kamuzu Central ku Lilongwe, Zomba Central ndi Mzuzu Central. Dziko lathu linatsegula sukulu yake yophunzitsa madokotala, College of Medicine, m'chaka cha 1991, imene lero ili mbali ya Kamuzu University of Health Sciences. Zaka zimenezi n'zochepa poyerekeza ndi kuchuluka kwa anthu ofuna chithandizo, ndipo ambiri omaliza maphunzirowo amagwira ntchito m'tauni.

Choncho munthu mmodzi amene wakhala m'kachipinda kaja ndiye amaona mzere wonse, kuyambira khanda mpaka nkhalamba. Yemweyo ndiye amadzutsidwa usiku kukabwera wodwala mwakayakaya. Nyengo ya mvula ikafika, malungo ndi kutsegula m'mimba zimachulukitsa mzere, koma iye amakhalabe yekha. Tamuonapo akuona odwala mpaka masana osalawa kanthu. Mawu ake akauma nthawi zina, timakumbukira kuti ifenso kalasi ikadzaza mpaka pakhomo, mawu athu sakhala ofewa tsiku lonse. Izi sizichotsa ufulu wa wodwala wolandiridwa mwaulemu, koma zimatiuza kumene vuto lagona.

Chimene chikutidetsa nkhawa ndi masamu amene ana athu ayamba kuchita m'mutu. Mwana wa Fomu 4 akadzuka mutu ukuwawa, amawerengera kuti akanena ataya tsiku lonse la maphunziro, mwinanso awiri, pamene mayeso a MSCE ali pafupi. Amawerengeranso kuti mwina akabwerako chimanjamanja. Ndiye amatuma mnzake kugolosale kukagula Panado, n'kukhala chete. Ena amagula makapisozi awiri kapena atatu, malinga ndi ndalama imene ali nayo. Ena amapempha mapiritsi a LA amene mnzawo anasiya atayamba kupeza bwino.

Apa tikufuna timvetsetsane. Panado amatsitsa kutentha kwa thupi ndi kuchepetsa ululu, koma sapha tizilombo ta malungo. Mwana amaoneka ngati wachira pamene tizilombo tikuswana m'magazi. Komanso si kutentha thupi kulikonse kumene kuli malungo, n'chifukwa chake kuchipatala amayamba ayeza asanapereke mankhwala. LA amamwedwa kawiri pa tsiku kwa masiku atatu, ndipo amagwira bwino ntchito munthu akadya. Womwa masiku awiri n'kusiya sanachire, ndipo wopatsidwa zotsalazo sanalandire mankhwala okwanira. Makolo mukukumbukira kuti kale tinkamwa chloroquine, ndipo boma linamusiya mu 1993 chifukwa anasiya kugwira ntchito. Tinapita ku Fansidar, nayenso anasiyidwa mu 2007 pa chifukwa chomwecho. Kumwa mankhwala mwa theka ndi njira imodzi yophunzitsira tizilombo kupirira mankhwala, ndipo LA akadzafooka tidzalira tonse.

Chaka chatha, nthawi ya mayeso oyeserera, mtsikana wina wakhama kwambiri m'kalasi anadwala masiku atatu osauza munthu. Ankamwa Panado m'mawa n'kukalemba, madzulo n'kudzifunditsa bulangeti ngakhale kunali kotentha. Usiku wachinayi anzake anathamangira kwa amatroni kudzanena kuti akusanza chilichonse ndipo akulankhula zosamveka. Tinasaka galimoto pakati pa usiku. Pachipatala chaching'ono anamuyamba chithandizo n'kumulembera kalata yopita kuchipatala chachikulu, kumene anagonekedwa. Alhamdulillah anachira. Koma atabwerako tinamufunsa chifukwa chimene anakhalira chete, ndipo anayankha kuti sankafuna kutaya tsiku pamzere. Poopa kutaya tsiku limodzi anataya pafupifupi masabata awiri, ndipo pang'ono akanataya moyo.

Pali chifukwa china chimene ana, makamaka atsikana, amabisira matenda, ndicho manyazi. Chitseko cha kachipinda ka adokotala nthawi zambiri sichitsekeka kwenikweni, ndipo wotsatira pamzere amakhala ali pakhomo pomwepo. Mtsikana amene akuvutika ndi nsambo kapena akumva kuwawa pokodza zimamuvuta kufotokozera bambo wachilendo anthu akumva. Anyamata nawo amabisa akaona magazi mu mkodzo, ena mpaka kumaganiza kuti ndi chizindikiro cha kukula, chikhalirecho ndi likodzo, matenda ofala kwa osamba ndi kuchapa m'nyanja ndi m'madambo, amene ali ndi mankhwala ake. Akuluakulu anati mbewa ya manyazi inafera kuuna. Mtsikana ali ndi ufulu wopempha kuti amatroni kapena namwino wamkazi alowe naye, ndiponso kuti chitseko chitsekedwe. Nthawi zonse zimene tapempha zimenezi mwaulemu, sanatikanize.

M'mwezi wa Ramadhani timaonanso ana ena akukana kupita kuchipatala kapena kudumphitsa mankhwala kuti asamasule kusala. Ma Shehe athu akhala akutiphunzitsa kuti wodwala amaloledwa kumasula n'kudzabweza masikuwo akachira. Tikupempha kuti mawu amenewa azinenedwa mobwerezabwereza ku mzikiti mwezi usanaoneke, chifukwa mwana amamva msanga akamva kwa a Shehe kusiyana ndi kwa mphunzitsi wa Biology.

Kuchulukitsa madokotala si ntchito imene sukulu ingathe. Koma pali zimene zili m'manja mwathu.

Kwa inu ophunzira, nenani tsiku loyamba. Mukauza amatroni kapena mphunzitsi madzulo, timakonza ulendo wa m'bandakucha ndipo mwayi wobwerako msanga umakula. Zimene anzanu aphunzira tsikulo tidzakuthandizani kuti muzipeze, ndipo palibe amene adzakudzudzuleni chifukwa chodwala. Musanalowe kwa adokotala konzekerani zonena: mwayamba liti kudwala, mukumva chiyani, mwamwapo mankhwala anji. Mphindi zanu m'kachipinda muja ndi zochepa, musazithere poyang'ana pansi. Ndipo mukaona mnzanu akukomoka, akugwedezeka ngati wa khunyu, akubanika, akusanza chilichonse, khosi lauma, kapena akutsegula m'mimba mwa madzi okhaokha, musadikire kuti kuche. Wotero sakhala pamzere. Timapita naye kutsogolo n'kuuza anamwino, ndipo amamuona nthawi yomweyo. Kolera imene inayambira ku Machinga mu 2022 inapha anthu oposa 1,700 m'dziko muno, ndipo inatiphunzitsa kuti munthu wotsegula m'mimba kwambiri amatha kufooka m'maola ochepa.

Kwa inu makolo, mwana aliyense azibwera ndi buku lake la kuchipatala potsegulira teremu. Bukuli ndilo limauza adokotala mbiri ya mwana pamene nthawi yofunsa mafunso ambiri palibe. Ngati mwana ali ndi mphumu, khunyu, matenda a shuga kapena amamwa mankhwala a tsiku ndi tsiku, tiuzeni mwachinsinsi, ndipo chinsinsicho tidzachisunga. Mupatseni masikito, ndipo mutisiyire nambala ya foni imene imapezeka usiku. Mukatha, musiyeni kandalama kwa amatroni ka tsiku limene tidzauzidwe kuti mankhwala tikagule. Tikupemphanso kuti musamulongedzere mankhwala otsala a kunyumba. Pa nthawi ya tchuthi, mukakayikira ngati vuto la mwana likufunika ulendo wa kuchipatala, pali Chipatala cha pa Foni, ntchito imene inayambira ku Balaka mu 2011 n'kufalikira dziko lonse, kumene mungalankhule ndi azaumoyo n'kulandira uphungu.

Kwa inu akuluakulu a komiti ya mzikiti, tili ndi zopempha zitatu. Choyamba ndi thumba la mayendedwe. Nthawi imene timataya kwambiri usiku ndi yosaka galimoto ndi kukambirana mtengo, mwana ali gone. Patakhala ndalama yosungidwa ndiponso eni galimoto awiri kapena atatu amene avomereratu kudzutsidwa, mphindi zambiri zingapulumuke. Chachiwiri ndi liwu lathu. Zipatala zing'onozing'ono zimakhala ndi komiti ya anthu a m'dera imene imalumikiza mudzi ndi ogwira ntchito, ndipo m'zipatala za boma munakhazikitsidwanso ofesi ya ombudsman yolandira madandaulo a odwala. Madandaulo onenera pabenchi amathera pabenchi pomwepo. Mmodzi wa inu atamapezeka pa misonkhano ya komiti imeneyo, angakafunse ngati n'kotheka kupatula ola loonera ana a sukulu, komanso angatithandize kukumbutsa a khonsolo ndi aphungu athu za kuchepa kwa ogwira ntchito. Chachitatu n'chapafupi. Mabenchi ochepa ndi kachisakasa ka mthunzi pakhonde lija zingapepuze aliyense wodikira, Msilamu ndi wosakhala Msilamu, ndipo zimenezi tingazithe ndi manja athu.

Mawu omaliza apite kwa ophunzira amene mumakonda Biology ndi Chemistry. Mukakhala pamzere uja, yang'anani bwino munthu mmodzi amene akuona anthu onsewo, ndipo mudzifunse kuti wachiwiri adzachokera kuti. Malawi College of Health Sciences ndi Kamuzu University of Health Sciences amatenga ana ochokera m'makalasi ngati anu omwewa. Tingakondwe, Insha Allah, kudzaperekeza ana a m'tsogolo kuchipatala n'kupeza m'kachipinda muja mwakhala mmodzi wa inu. Pakali pano, mutu ukawawa usiku uno, gogodani pachitseko cha amatroni.

Wassalamu alaikum.

Ife aphunzitsi oyang'anira ogonera ndi amayi a matroni