Tintchentche ta pa nthochi za ku Nyimba

Ndili mwana, sukulu ikatsekera ndinkachoka ku Petauke kupita ku Nyimba kukathandiza amai aang'ono kugulitsa nthochi m'mbali mwa Great East Road. Ntchito yanga inali kuthamangitsa tintchentche tofiira maso tomwe timaunjikana pa nthochi zopsa kwambiri. Apaulendo akationa, ankakagula kwa ena. Ndikawomba, dzanja linkangogwera pa nthochi n'kuiphwanya.

"Iwe, manja ako ndi aulesi," ankatero amai. Ine ndinkakhulupirira.

Ndazindikira nditakula kuti dzanja langa linalibe mlandu. Kantchentche kaja kali ndi mitsempha iwiri ikuluikulu yochoka mu ubongo kutsikira m'chifuwa. Maso akaona chinthu chikubwera, uthenga umathamanga m'mitsemphamo, minofu imawongola miyendo iwiri yapakati, mapiko n'kutsatira. Mu 2008, Gwyneth Card ndi Michael Dickinson anapeza kuti kasanadumphe, kamayamba kasuntha miyendo kuti kalumphire kutali ndi komwe ngozi ikuchokera. Zonsezi zimatha m'kagawo kakang'ono ka sekondi.

Nditawafotokozera amai, anaseka. "Nanga nthochi zanga zija alipire ndani, iwe kapena ntchentche?"