Mafilimu amene timaonera chala chili pa batani

Ku Vubwi kuno kulibe holo ya kanema, koma mafilimu amatipeza ndithu. Ena amabwera pa memori kadi m'thumba la mnyamata wa honda wochokera ku Chipata. Ena amadutsa malire kuchokera ku Mchinji atamasuliridwa kale ndi ma DJ a ku Malawi, moti Mtchaina womenya karate amakalipa m'Chichewa ngati wa pamudzi pomwe pano. Filimu yaitali imafuna batire lodzaza ndi sola yabwino. Yaifupi ilibe mavuto amenewo: imalowa m'foni ndi bandulo ya makwacha ochepa, umaionera pansi pa mtengo wa mango, ndipo ukamva mapazi a munthu umaizimitsa msanga. Pali mtundu wina wa mafilimu aafupi amene ena a ife taonera choncho, chala chili pa batani.

Tikunena mafilimu opangidwa ndi anthu akuda, onena za amuna okonda amuna anzawo ndi akazi okonda akazi anzawo. Palibe DJ amene angayerekeze kuwamasulira. Tikudziwanso kuti ena asiya kuwerenga pomwepa, chifukwa kwathu kuno nkhaniyi imatsekedwa ndi mawu amodzi akuti izo ndi za azungu. Ifenso sitigwirizana tonse pa zimene Baibulo ndi mwambo zimanena, ndipo ambiri a ife Lamlungu timakhala m'tchalitchi. Koma mawu akuti za azungu amavuta kuwabwereza ukaonera filimu imene mzungu ukumufuna koma sukumupeza.

Tiyambe ndi ya ku Kenya. Gulu la achinyamata a ku Nairobi lotchedwa The Nest Collective linazungulira dziko lawo kumvetsera nkhani za anthu otere, ndipo mu 2014 pa nkhanizo linapanga timafilimu tisanu, topanda mitundu, tonse pamodzi pafupifupi ola limodzi. Anatitcha Stories of Our Lives, ndipo wotsogolera anali Jim Chuchu. Kamodzi kamanena za atsikana awiri a pasukulu ya sekondale amene aitanidwa ku ofesi ya ahedi. Koma kamene kanatigwira ife ndi kotchedwa Athman. Anyamata awiri akugwira ntchito pafamu. Mmodzi, Ray, amakonda mnzake Athman. Athman amadziwa, samumenya, samuneneza kwa anthu, koma mtima wake uli kwa mtsikana. Palibe wolakwa m'nkhaniyi, palibenso wopambana. Pamapeto Ray amasiya ntchito n'kuchoka.

Kuchoka kumeneko tikukudziwa. Munda ndi wa ku Kenya, koma kayendedwe ka mnyamata wonyamuka osatsanzika bwino n'kofanana ndi ka anyamata amene tinawaona akukwera galimoto ya ku Chipata osanena chenicheni chowachotsa. Chimene chinatidabwitsa n'choti filimuyo ilibe chilichonse chimene munthu angachite nacho manyazi kuonera, kupatula chikondicho. Komabe bungwe loona za mafilimu ku Kenya linailetsa, ndipo mmodzi wa oipanga, George Gachara, anamangidwa pa mlandu wojambula popanda chilolezo. Poionetsa koyamba ku Toronto, mayina a oipanga sanalembedwe pa filimupo. Chaka chotsatira inalandira mphoto ku Berlin. Anthu a ku Germany anaiona pa chinsalu chachikulu, eni ake nkhani akuiona mobisa.

Ina ndi ya mphindi 8 chabe, Reluctantly Queer, ya mu 2016. Anaipanga ndi Akosua Adoma Owusu, mayi wa makolo a ku Ghana. M'filimuyi mulibe zochitika zambiri. Mwamuna wa ku Ghana wokhala ku America, Kwame Edwin Otu, akuwerenga kalata yopita kwa amayi ake. Kumene aliko amamuona ngati munthu wakuda asanamuone china chilichonse. Kwawo khungu lake si nkhani, koma chikondi chake ndicho mlandu. Choncho alibe pokhala pamene angakhale yense wathunthu, ndipo amene akumusowa kwambiri ndi mayi amene sangawauze zonse pamaso. Ife a Kum'mawa, amene agogo athu analemba makalata kuchokera ku Joni ndi ku Halale, timadziwa kuti kalata ya mwana wa kutali imanena theka, theka linalo mayi amalimva yekha. Ku Nigeria nako, mu December 2020, Pamela Adie ndi Uyaiedu Ikpe-Etim anatulutsa Ìfé, nkhani ya akazi awiri okondana, ndipo anaiika pa intaneti m'malo moipereka ku nyumba za kanema, podziwa kuti a boma sakanailola.

N'chifukwa chiyani ambiri mwa mafilimuwa ndi aafupi? Ena amati ndi luso. Ife tikuona kuti ndi umphawi ndi mantha. Filimu yaifupi imafuna kamera imodzi, chipinda chimodzi ndi anthu ochepa osunga chinsinsi. Sumapempha ndalama kwa munthu amene mawa angakupereke kupolisi. Ndipo ikatha imayenda m'thumba.

Tsono tibwere kwathu. Boma la Vubwi, limene linapatulidwa ku Chadiza mu 2012, lili pamphambano ya mayiko atatu. Ife Achewa a ku Zambia, ku Malawi ndi ku Mozambique timakumana ku Mkaika mwezi wa August pa Kulamba, pamaso pa Kalonga Gawa Undi mmodzi yemweyo, koma pa nkhani iyi malamulo athu ndi osiyana. Kuno ku Zambia gawo 155 la malamulo a milandu limapereka zaka zosachepera 15 m'ndende, mwinanso moyo wonse. Mu 2019 amuna awiri a ku Kapiri Mposhi anapatsidwa zaka 15 zimenezo, mpaka Pulezidenti Edgar Lungu anawakhululukira mu May 2020. Ku Malawi khoti linagamula mu June 2024 kuti lamulo lawo likhalebe. Ku Mozambique, kumene ena a ife tili ndi minda ndi azakhali, lamulo lotere linachotsedwa mu 2015. Munthu mmodzimodzi, wa mfunda umodzi, akhoza kukhala wopalamula m'mawa, masana n'kukhala wosapalamula, malinga ndi kumene wapalasira njinga. Ndipo pamene tikunena za zinthu zobwera ndi azungu, tisaiwale kuti malamulo a ku Zambia ndi ku Malawi amenewa anatisiyira ndi Angerezi.

Chithunzi choyamba chimene ambiri a ife tinaona cha anthu otere olankhula chinenero chathu sichinali cha filimu. Chinali cha nkhani za pa TV ndi m'nyuzipepala: Tiwonge Chimbalanga ndi Steven Monjeza, amene anachita chinkhoswe ku Blantyre mu December 2009, atamangidwa maunyolo, khamu likuwaseka kunja kwa khoti. Anagamulidwa zaka 14 mu May 2010, ndipo Bingu wa Mutharika anawamasula mwezi womwewo, Ban Ki-moon ali m'dzikomo. Aliyense analankhula za iwo: oweruza, abusa, andale, akazembe. Tiwonge, amene amadzidziwa kuti ndi mkazi, anathawira ku Cape Town. Patapita zaka zochepa, wachinyamata wina wa ku Malawi, Mwizalero Nyirenda, mothandizidwa ndi bungwe la ArtGlo la ku Zomba, anapanga filimu yaifupi yotchedwa Umunthu, m'mene achinyamata atatu osiyana maganizo amayenda kukafunsa anthu za nkhaniyi. Ndi ntchito yolimba mtima, ndipo ndiyo yapafupi kwambiri ndi ife. Komabe imeneyo ndi filimu ya mtsutso, yofunsa kuti anthu awa tiwatani. Athman safunsa zimenezo. Amangokuonetsa munthu ali kumunda, mtima ukumupweteka.

Kusiyanako n'kwakukulu, ndipo kumaonekera ngakhale m'mawu. Chinenero chathu chili ndi mawu ambiri a chikondi, koma pa anthu awa liwu limene limatuluka msanga ndi mathanyula, ndipo limatuluka ngati mwala. Atswana ali ndi liwu lofanana nalo, matanyola, ndipo akatswiri a mbiri monga Dunbar Moodie ndi Marc Epprecht analemba za amuna amene ankakhala ngati mabanja m'makomboni a migodi ya ku South Africa, komwe agogo athu ankapita pa Wenela. Ndiye kuti akuluakulu ena amene anabwerako ndi njinga ndi majekete ankadziwa zambiri kuposa zimene anatiuza. Koma liwu limene munthu wotere angadzitchule nalo yekha, mosadzinyoza, pouza amalume ake, sitinalimvepo. Achinyamata a m'tauni amangothawira ku Chingerezi, ndipo akatero amene amati za azungu amapeza umboni wawo.

Pafupifupi banja lililonse lalikulu lili ndi munthu amene dzina lake limatchulidwa motsitsa mawu. Ifenso tili naye. Anali waluso pa kwaya, wodziwa kuphika kuposa alongo ake, ndipo atafika zaka zokwatira anapita ku Lusaka, kenako kupitirira. Ndalama za feteleza amatumiza pa foni chaka chilichonse, ndipo palibe amene anazikanapo. Pamaliro a atate ake sanabwere, koma bokosi anagula ndi iye. Akuluakulu amati chibale ndi fupa, sichiola, ndipo amayi ake amagwira mawu amenewo. Aliyense wochokera ku Lusaka amamufunsa mwakachetechete kuti, "Mwana wanga munamuona? Akudya bwino?" Safunsa za mkazi. Analeka kale, ndipo sitikhulupirira kuti analeka chifukwa chosadziwa.

Nthawi zina timakambirana kuti filimu yake ingakhale yotani. Zipangizo si vuto: mafoni amene achinyamata amajambulira nthabwala za pa TikTok pamsika ndi okwanira. Malo alipo, mapiri athu ndi madimba ndi okongola kuposa zambiri zimene timaona pa kanema. Vuto ndi nkhope. Ku Nairobi munthu akhoza kusewera filimu n'kusowa m'khamu. Kuno aliyense amadziwika ndi kayendedwe, ndi mawu, ngakhale ndi chitenje chopachikidwa pachingwe kuseri kwake. Ukabisa nkhope, anthu azindikira khonde. Ukasintha mawu, azindikira mtengo wa pabwalo, ndipo pofika madzulo nkhani ili kwa anyakwawa. Wosewerayo, ngakhale atakhala kuti akungosewera, sangapezenso mkazi m'midzi yozungulira, ndipo amayi ake sangapitenso ku chitsime mwamtendere.

Mmodzi wa ife, amene amaphunzitsa, anati njira ndi ya Mghana uja: osaonetsa munthu, kungoonetsa msewu wa fumbi, nkhokwe, manja akusenda nthochi kapena kutong'ola chimanga, ndipo pamwamba pake mawu akuwerenga kalata m'Chichewa. Wina anafunsa kuti mawuwo akhala a yani. Tinatchula anthu angapo odziwa kuwerenga bwino, a kwaya ndi a sewero la kusukulu, ndipo aliyense tinamuchotsa pa chifukwa chimodzimodzi, chakuti ali ndi abale kuno. Tinatsala ndi mwini wake yekha, amene nambala yake tonse tili nayo. Mpaka lero sitinagwirizane woti amuimbire, ndiponso ngati n'chilungamo kumupempha chinthu chotere ife titakhala pabwino, mayina athu osadziwika.