Phula, Madzi ndi Dothi la Siliva

Woumba mbiya amatapa dothi ku dambo, ndipo likamthera amabwerera kukatapa lina. Wosula amafewetsa citsulo pa moto nacimenya ndi nyundo. Kuyambira kale nchito ziwirizi sizinali kukumana, kufikira m'zaka zoyamba za m'ma 1990 pamene akatswiri a kampani ya Mitsubishi Materials ku Japan, motsogozedwa ndi Masaki Morikawa, anaziika m'dzanja limodzi. Anatenga siliva wonga ufa, wosalala koposa ufa woyera, namkanda pamodzi ndi madzi ndi zomatira, kotero kuti anafewa ngati dothi la mbiya. Munthu angathe kuliumba ndi zala, kuliumitsa ndi kuliocha. Pa moto zomatira zimapsa, ufa umagwirana, ndipo cotsala ndi siliva weniweni, magawo 999 pa 1,000. Dothili analicha Precious Metal Clay, ndipo linafika ku America mu 1996. Kampani inanso ya ku Japan, Aida Chemical Industries, inatulutsa lake lochedwa Art Clay Silver.

Mayi wina amene amadya za luso la manja ace, wopanga ndolo, mphete ndi tolendewera pa mkanda, anayamba kugwira dothili atatopa ndi kudula ndi kupala siliva wolimba. Poyamba anali kucita monga acitira ambiri, kudinda dothi laliwisi ndi tsamba, nsaru kapena cidindo cogula. Zinthu zinali kutuluka zokongola ndithu, koma zinali kufanana ndi za wina ali yense amene anagula cidindo comweco. Iye anafuna cithunzi cojambulidwa ndi dzanja lace, ndipo njira yace anaibwereka kwa oumba mbale za dothi: kuchinga mbali ina ya cinthu ndi kulola madzi kuti adye yotsalayo.

Nzeruyi si yacilendo kwa munthu amene anayang'anitsitsa citenje. Maluwa a pa nsaru zimenezi anatsanzira luso la batik la ku Java, kumene amalemba pa nsaru ndi phula lotentha asanaiviike mu utoto. Pamene pali phula utoto sulowa. Pa dothi la siliva zimacitika cimodzimodzi, kungoti m'malo mwa utoto pali madzi, ndipo madziwo saonjezera kanthu koma amacotsa.

Kacitidwe kace nkotere. Mayiyu amayala dothi kukhala kacigamba kosalala, ndipo kucindikala kwace amakuyesa ndi makhadi osewerera juga, kusanjika asanu kapena asanu ndi limodzi mbali zonse ziwiri, popeza codyedwa ndi madzi ciyenera kuyamba ciri cocindikala. Kacigambako kakauma gwa, amajambulapo ndi cochingira, nadikira kuti naco ciume. Kenaka amatenga siponji yonyowa pang'ono nayamba kupukuta. Dothi losachingidwa limasungunuka pang'onopang'ono, ndipo cithunzi cimatsala cotukuka ngati culu pakati pa munda wolimidwa.

Funso lalikuru linali lakuti cochingira cabwino nciti, ndipo pa ici panapita masabata. Anayamba ndi phula la njuci, poganiza za citenje cija. Phula limakana madzi bwino lomwe, koma limauma msanga likangokhudza dothi lozizira, kotero kuti mzere umene unayenera kukhala woonda ngati ulusi unali kutuluka wonenepa ndi wa mfundomfundo. Pa ndolo yosaposa cikhadabo ca cala cacikuru, mzere wotero umadya malo onse. Guluu woyera wa ana a sukulu analembeka mosabvuta, koma madzi atamfika anafewa nacoka pamodzi ndi dothi. Inki ya colembera cosafufutika inapirira mapukuto ocepa cabe. Cimene cinapambana ndi cinthu cimene sicinapangidwire nchitoyi nkomwe, utoto wa pa zikhadabo, umene ambiri amaucha Cutex. Umayenda bwino ndi kaburashi koonda, umauma molimba, ndipo ukakhala wofiira maso amaona bwino pamene wafika ndi pamene sunafike.

Kupeza cochingira sikunathetse nkhani. Madzi sadya molunjika pansi pokha, amalowanso cam'mbali kunsi kwa utoto, monga mtsinje umakumba kunsi kwa gombe kufikira ligumuka. Mzere woonda kwambiri umatha kugwa wonse pa mpukuto umodzi. Ndiponso dothi louma limamwa madzi mwakacetecete. Pamwamba limaoneka lolimba pamene m'kati lafewa kale, ndipo wolikanikiza pa nthawi imeneyo amangoona lathyoka pakati. Cotero mayiyu anaphunzira kupukuta pang'ono, kuumitsa, ndi kupukutanso, kawiri kapena katatu, ngakhale mtima unali kufuna kutsiriza tsiku lomwelo.

Apa mpamene dothi la siliva lisiyana ndi la ku dambo. Limagulidwa m'timapaketi ta magalamu 10, 20 kapena 50, ndipo galamu iri yonse ndi ndarama. Zimene siponji imacotsa si zinyalala ai, ndi siliva yemweyo amene anagulidwa. Woumba mbiya angataye madzi osambira m'manja kuseri kwa nyumba, koma mayiyu amafinyira siponji m'kabotolo, nasiya madziwo usiku wonse. M'mawa pansi pamakhala matope otuwa, amene amagwira nchito yomatira zidutswa kapena kutseka ming'alu. Ena amati njira ya madziyi ndi yoononga, ndipo sanama kwenikweni, pakuti cidindo sicitaya ngakhale kadontho. Koma cidindo sicipereka pansi pa mcengamcenga pamene madzi amasiya, kapena m'mphepete mofewa mwa mzere wojambulidwa ndi dzanja.

Cochingira sacicotsa. Cimalowa m'ng'anjo pamodzi ndi dothi ndipo cimapsa conse, ndi utsi woipa umene usowa mazenera otsegula. Ng'anjo ya magetsi imafika madigiri 900 kwa maora awiri ngati munthu afuna siliva wolimba koposa, ndipo kupitirira apo nkoopsa popeza siliva amasungunuka pa madigiri 962. Cinthu cimatuluka cocepa kusiyana ndi m'mene cinalowera. Dothi loyamba lija linali kucepa ndi magawo pafupifupi 30 pa 100, pamene mitundu yotsatira imacepa ndi magawo 10 mpaka 15 kapena kucepera apo. Kucepaku kumathandiza wojambula, cifukwa mizere imaonda ndi kuyandikana koposa m'mene dzanja likanathera. Potuluka m'ng'anjo siliva amakhala woyera mbuu, wosawala. Amamkweca ndi burashi ya waya wofewa, namviika m'mankhwala a sulufule amene amamdetsa, kenaka napukuta pamwamba pokha. Mdima umatsala m'maenje, ndipo cithunzi cimaonekera patali.

Ndolo zinabweretsa bvuto lace, pakuti zimayenda ziwiriziwiri ndipo wogula amaziika pa cikhato nazilinganiza. Mayiyu anayamba kuwerenga mapukuto, makumi awiri pa iyi, makumi awiri pa inzace, ndi siponji yofinyidwa mofanana. Ngakhale atero, kuya kwa maenje sikufanana ndendende. Ogula ena amabweza ndolozo pa thebulo cifukwa ca ici, ndipo ena amazigula cifukwa comweco.

Mu 2008 kunatuluka dothi la bronze, ndipo la mkuwa linatsatira posacedwa. Mtengo wace ndi wocepa poyerekeza ndi wa siliva, kotero kuti munthu angayese mizere yoonda ndi maenje akuya wopanda kuwerengera kadontho kali konse. Mkuwa, citsulo comwe cija cimakumbidwa ku Chingola ndi ku Mufulira, uli ndi khalidwe lace pa moto: ukakumana ndi mpweya umada ndi kupanga makoko. Cifukwa cace opanga ambiri amaukwirira m'makala apadera osinja, m'kabokosi kacitsulo, asanauike m'ng'anjo. Mayiyu tsopano amayesa cithunzi catsopano pa mkuwa coyamba, ndipo cikapirira madzi ndi moto mpamene amatsegula paketi ya siliva.